Lamulo la nthawi ya nkhondo ndi ngozi lisadzatibwezere ku thangata

Chiyambireni pamene namondwe wa Freddy anakokolola midzi mu Malichi 2023, pali mtsutso umene sukuzirala kuno ku Mulanje, ndipo umadzukanso mwamphamvu mitambo ikangoyamba kuunjikana pamwamba pa phiri mwezi wa Novembala. Ndaumva pa maliro, ndaumva m'minibasi yopita ku Muloza, ndaumvanso pa mawailesi pamene anthu akuimba mafoni. Ena akunena kuti malamulo a dziko lino ndi ofewa mopitirira muyeso, ndipo akufuna kuti mtsogoleri wa dziko apatsidwe mphamvu zonse pa nthawi ya nkhondo kapena ya ngozi yaikulu: azitha kusamutsa anthu mokakamiza, kutenga malole ndi mathirakitala a anthu, kulemba achinyamata ntchito ya dziko afune asafune, ndipo aphungu ndi makhothi akhale pambali kufikira zinthu zitabwerera m'chimake. Ena akukana kwamtuwagalu, ndipo akuti boma lisapatsidwe lamulo lililonse la mtundu umenewu chifukwa lidzaligwiritsa ntchito molakwika. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi abale athu, ambiri a iwo anataya ana ndi makolo m'matope, choncho palibe amene akuyankhula zamasewera.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyambirira kuti owerenga asavutike kundifufuza: dziko lino likufunika lamulo lomveka bwino lofotokoza m'mene boma lingasonkhanitsire anthu, magalimoto, chakudya ndi zipangizo pa nthawi ya nkhondo kapena ngozi yaikulu, koma lamulo limenelo lilembedwe tsopano pamene kunja kuli bata, ndipo lisachotse ngakhale mpanda umodzi mwa mipanda imene Malamulo oyendetsera dziko lino anamanga. Nyumba ya Malamulo ikhalebe ndi mawu, makhothi akhalebe otsegula, mphamvu iliyonse ikhale ndi tsiku lothera, ndipo aliyense amene boma lamutengera katundu kapena thukuta lake alipidwe. Koposa zonse, katundu wolemera wa nthawi yovuta ayambe kusenzedwa ndi boma ndi anthu amene ali nazo, asanafike pa msana wa munthu wothyola tiyi.

Tisanapite patali, ndi bwino tikumbutsane zimene malamulo athu akunena kale, chifukwa ambiri amene amatsutsana pa nkhaniyi amayankhula ngati kuti palibe chinalembedwa. Gawo 45 la Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yolengeza chimene m'Chingerezi amachitcha state of emergency, koma pa zifukwa zowerengeka zokha, zomwe ndi nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni, kapena ngozi yachilengedwe imene yakhudza dera lalikulu. Ayenera kulandira chilolezo cha komiti ya aphungu yoona za chitetezo, ayenera kulengeza poyera, ndipo chilengezocho chimagwira ntchito m'dera lokhalo limene muli vutolo. Chimatha pakadutsa masiku 21, pokhapokha magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse atavomereza kuonjezera nthawi, ndipo kuonjezerako sikupitirira miyezi itatu pa ulendo umodzi. Maufulu amene angachepetsedwe ndi owerengekanso, monga ufulu woyenda, wosonkhana, wolankhula ndi wolandira uthenga, pamene ufulu wokhala ndi moyo ndi wosazunzidwa sukhudzidwa ngakhale mfuti zitalira pakhomo. Bwalo lalikulu la milandu lili ndi mphamvu yomva dandaulo la munthu aliyense amene akuona kuti chilengezocho sichinayende bwino.

Pambali pa khomo limeneli pali khomo lachiwiri, limene ndi lomwe timaliona likutsegulidwa kawirikawiri, ndilo kulengeza kuti dziko kapena maboma ena ali pa ngozi, state of disaster. Mbiri ya khomo limeneli inayambira kwathu konkuno. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, pa nthawi imene Phalombe anali adakali mbali ya boma la Mulanje, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi ndi kupereka thandizo. Lamulo limenelo linagwira ntchito zaka zoposa 30, kufikira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano mu Epulo 2023, patangotha mwezi umodzi Freddy atadutsa. Kusiyana kwa makomo awiriwa ndi kwakukulu. Khomo la ngozi cholinga chake ndi kumasula ndalama, kupempha thandizo kunja ndi kulunzanitsa ntchito za nthambi za boma kudzera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo silipatsa boma chilolezo choimitsa maufulu a anthu. Amene akufuna mphamvu zambiri kwenikweni akupempha kuti makomo awiriwa agumulidwe akhale khomo limodzi lopanda mlonda, ndipo apa m'pamene ine ndikusiyana nawo.

Mfundo yoyamba ya anzathuwa, imene ndi yolemera kuposa zina zonse, ndi yakuti ngozi sidikira aphungu. Amati madzi akamasefukira mu Ruo kapena mu Thuchila usiku, palibe nthawi yoitanitsa komiti ku Lilongwe, ndipo ola lililonse lotayika pa zokambirana ndi moyo wa munthu wotayika. Ndikuvomereza kuti liwiro ndi moyo, ndipo munthu amene anaona mudzi utasanduka bwalo la miyala sangatsutse zimenezi. Koma funso limene tiyenera kudzifunsa moona mtima ndi lakuti, kodi chimene chinachedwetsa thandizo mu 2023 chinali kusowa kwa mphamvu za lamulo? Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma a m'chigawo cha kumwera, kuphatikizapo Mulanje ndi Thyolo, ali pa ngozi pa 13 Malichi, mvula idakagwa, ndipo palibe khothi kapena phungu amene anamugwira dzanja. Asilikali anatuluka, chifukwa Malamulo oyendetsera dziko amawalola kale kuthandiza boma pa nthawi yotere. Chimene chinasowa chinali mabwato, ndege za helikopita, mafuta, milatho yongoyembekezera ndi makina okumbira, mpaka dziko la Tanzania linachita kutitumizira ndege ndi asilikali ake. Anthu a kwa Njema ndi a ku Nkhulambe anakhala masiku osafikiridwa chifukwa misewu inaduka. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anafa ndipo oposa 500 sanapezeke, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafa chifukwa chakuti woweruza anali pa mpando wake.

Kuonjezera apo, gawo 45 linaganizira kale za liwiro limeneli. Silinena kuti Nyumba yonse ya Malamulo ikhale pansi mtsogoleri asanachitepo kanthu. Limangofuna chilolezo cha komiti imodzi, imene m'masiku ano a mafoni ingathe kukumana tsiku lomwelo. Masiku 21 oyambirira ndi okwanira kupulumutsa amene angapulumuke, chifukwa munthu wokwiririka m'matope kapena wokakamira mu mtengo sadikira milungu itatu. Zikadutsa pamenepo, ntchito imene imatsala ndi yodyetsa anthu m'misasa, yoteteza kolera ndi yomanganso milatho, ndipo ntchito imeneyi siifuna kuti munthu aletsedwe kulankhula kapena kusonkhana. M'malo mwake imafuna maso ambiri, popeza nthawi ya ngozi ndi nthawi imene ndalama zimatuluka mothamanga popanda ndondomeko zonse zogulira katundu, ndipo tonse tikukumbukira mkwiyo umene unabuka mu 2021 pa nkhani ya K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19 zimene sizinayende bwino. Ngati ndalama zinasokonekera pamene atolankhani ndi aphungu anali ndi ufulu wofunsa, sindikuona m'mene zingatetezekere iwo atatsekedwa pakamwa.

Mfundo yachiwiri imachokera ku zimene zinachitika mu 2020, ndipo amene amaitchula amati ndi umboni wakuti makhothi amamanga boma manja pa nthawi yoopsa. Mu Epulo chaka chimenecho, boma la Pulezidenti Peter Mutharika linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, koma bungwe lomenyera maufulu a anthu la HRDC ndi anthu ena anakatenga chiletso ku bwalo lalikulu, ndipo m'bindikirowo sunachitike. Mu Seputembala oweruza atatu anagamula kuti m'bindikirowo unali wosemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko. Ndikumvetsa mantha a amene ankaufuna, chifukwa pa nthawiyo maiko olemera anali kukwirira anthu ambirimbiri ndipo zipatala zathu zinalibe mpweya wokwanira. Komabe tiyenera kuwerenga bwino chimene oweruza ananena. Sananene kuti boma silingaletse anthu kuyenda zivute zitani. Ananena kuti boma likafuna kulanda maufulu akulu chotere, lidzere pa khomo limene malamulo anakonza, osati kudzera pa zenera la malamulo ang'onoang'ono a zaumoyo olembedwa ndi nduna, ndiponso kuti liganizire chimene anthu osauka adzadya. Taganizirani mayi wogulitsa nanazi ndi nthochi pa Chitakale, kapena mnyamata wa kabaza wa pa Limbuli, amene ndalama ya ufa wa madzulo amaipeza masana omwewo. Kumutsekera m'nyumba milungu itatu popanda thumba la chimanga ndi kumupatsa imfa ina m'malo mwa imene akuthawitsidwa. Pamenepa khothi silinalepheretse boma kuteteza anthu, koma linalikumbutsa kuti lamulo lokakamiza limabwera pamodzi ndi udindo wodyetsa.

Mfundo yachitatu ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndimaimva kwa anthu amene anagwira ntchito yofukula mitembo. Amati anthu ndi osamva, amachenjezedwa pa wailesi koma sasamuka, amabwerera kukamanga m'mbali mwa mtsinje womwewo umene unawatengera ana, choncho boma lizingowanyamula mokakamiza. Pa nkhaniyi pali zinthu ziwiri zimene tisaziphatikize. Choyamba ndi kuchotsa anthu kwa masiku ochepa pamene akatswiri a zanyengo achenjeza kuti namondwe ali pafupi, ndipo ichi ndikuchivomereza ndi mtima wonse, ngakhale chitafuna kukakamiza, malinga lamulo linene momveka amene angalamule, kumene anthu akupita, chimene akadye, ndi amene atsale kulondera mbuzi ndi nkhokwe zawo, pakuti ambiri amene amakana kuchoka amaopa akuba kuposa madzi. Chachiwiri ndi kusamutsa mudzi wonse kwamuyaya, ndipo apa m'pamene mawu akuti kusamva amabisa choonadi chimene aliyense wa ku Mulanje ndi Thyolo akuchidziwa. Anthu sakhala m'matherezi ndi m'madambo chifukwa chokonda ngozi. Amakhalamo chifukwa malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi ndi makademiya kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo maboma awiriwa ali m'gulu la maboma othinana kwambiri m'dziko muno. Munthu ukamuuza kuti choka, akufunsa kuti ndipite kuti, ndipo funso limeneli si mwano.

Tili ndi umboni wakuti anthu athu amasamuka akapatsidwa kopita. Pansi pa ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anapeza malo atsopano m'maboma monga Machinga ndi Mangochi. Ntchitoyo inali ndi zofooka zake, ndipo ena anakapeza kuti kumaloko kulibe mijigo, sukulu ndi zipatala pafupi, koma palibe amene ananyamulidwa ndi mfuti. Anasiya manda a makolo awo mwa kufuna kwawo chifukwa anaona munda. Motero ngati tikufuna lamulo lolimba, lilimbe pokakamiza boma kupeza malo, kugula minda imene ikungokhala, ndi kufikitsako madzi anthu asanafike. Lamulo limene limalimba pa wosauka yekha, osakhudza chifukwa chimene chinamuika m'mphepete mwa mtsinje, lidzangomuchotsa chaka chino kuti abwererenso chaka chamawa.

Tsopano ndifike pa mfundo ya nkhondo, imene ena amaiona ngati yakutali. Si yakutali kwa ife a m'malire. Akuluakulu a ku Muloza akukumbukira m'mene anthu ankaolokera kuchokera ku Milange pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pamene Malawi inasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo kuyambira 2017 kumpoto kwa dziko lomwelo, ku Cabo Delgado, kwakhala kuli zigawenga. Pa chifukwa chimenechi ena akuti tikhale ndi lamulo lolemba achinyamata usilikali kapena ntchito ya dziko mokakamiza, ndipo amaloza ku Ukraine, kumene mu 2022 boma linaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko. Amaonjezera kuti achinyamata athu akungokhala pa masiteji, ndipo ntchito yotere ingawaphunzitse mwambo. Ndikuvomereza kuti dziko limene laukiridwa lili ndi ufulu woitana ana ake, ndipo pangano la maiko onse la 1930 loletsa ntchito yokakamiza limapatula usilikali ndi ntchito ya pa ngozi yeniyeni. Koma chitsanzo cha Ukraine chomwecho chikuphunzitsa zosiyana ndi zimene anzathuwa akufuna, chifukwa kumeneko lamulo la nthawi ya nkhondo limabwerera ku nyumba ya malamulo kukaonjezeredwa nthawi, ndipo kutsitsa msinkhu woitanidwa ku nkhondo kuchoka pa zaka 27 kufika pa 25 mu Epulo 2024 kunachitika pambuyo pa mtsutso wautali. Ku Russia, kumene mu Seputembala 2022 analamula kuti amuna 300,000 aitanidwe, amene anali ndi ndalama anathamangira m'malire a Georgia ndi Kazakhstan, ndipo mtolo unagwera kwambiri a kumidzi yosauka.

Kumeneku si kwachilendo kwa ife, ndipo pano ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, Nyasaland inali ndi anthu ongopitirira miliyoni imodzi, koma amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala a tengatenga, kusenza katundu wa asilikali kupita ku nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, pamwamba pa ena pafupifupi 19,000 amene anavala yunifolomu. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti akwanitse, amuna ankagwidwa usiku, minda inatsala ndi amayi ndi ana, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe anaona zimenezi zikuyamba, ndipo kumapeto kwa 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti nkhondo ya anthu olemera ikufera osauka amene sadzasiya kanthu koma amasiye. Agogo anga aamuna, amene makolo awo anaoloka Ruo kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kudzapeza thangata m'minda ya azungu kuno, sankasiyanitsa mawu akuti ntchito ya boma ndi mawu akuti thangata. Kwa iwo zonse zinali chinthu chimodzi: munthu wa mphamvu wanena, iwe nyamuka, malipiro ake ndi akuti sunamenyedwe. Thangata linatha m'malamulo mu 1962, koma mkwiyo wake unali utaphulika kale ku Thyolo mu 1953, ndipo chikumbumtima cha maboma ano sichinaiwale. Ndi chifukwa chake gawo 27 la Malamulo athu limaletsa ntchito yokakamiza, ndipo ufulu umenewu suli pa mndandanda wa maufulu amene gawo 45 limalola kuimitsa.

Kunena za mwambo wa achinyamata, tinayesapo kale. Gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963, linaphunzitsa ambiri ulimi ndi luso la manja, ndipo pali madoda lero amene amayamika zimene anaphunzirako. Koma chifukwa linkayankha kwa munthu mmodzi osati kwa malamulo, linasanduka gulu la zida lozunza anthu pa makhadi a chipani, mpaka asilikali anachita kulilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Komanso vuto la Malawi silinakhalepo kusowa kwa anthu ofuna kutumikira. Asilikali akalengeza kuti akulemba ntchito, achinyamata amene amafunsira amachuluka kutalitali kuposa malo amene alipo, ndipo pa Freddy anyamata a m'midzi ndiwo anayamba kukumba ndi makasu ndi manja awo thandizo lisanafike, popanda wowalamula. Dziko limene likubweza anthu odzipereka chifukwa chosowa ndalama zowaphunzitsira lilibe chifukwa chokakamizira amene sakufuna. Chimene chikufunika ndi gulu la odzipereka m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, ophunzitsidwa kupulumutsa anthu m'madzi ndi kupereka thandizo loyamba, okhala ndi zingwe, majekete oyandamitsa ndi kangachepe kolandira akaitanidwa.

Pali mfundo ina imene imanenedwa mofatsa, yakuti masiku ano atsogoleri timasankha tokha, choncho tiwakhulupirire. Yankho langa ndi lakuti lamulo limakhala nthawi yaitali kuposa munthu amene tinamuganizira polilemba. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza state of emergency, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu, pafupifupi 50 anaphedwa, ndipo komishoni ya Devlin imene boma la Britain lomwe linatumiza inanena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Tsiku limenelo timalikumbukira chaka ndi chaka ngati tsiku la ofera dziko. Chimene sitikumbukira kawirikawiri ndi chakuti mu 1960 atsamunda analemba lamulo loteteza bata limene linalola kutsekera anthu ngakhale chilengezo chitatha, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, amene iye mwini anatsekeredwa m'ndende ya Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndi mphamvu zoterezi, linalandira lamulolo, kulinola, ndi kudzaza nalo ndende monga Dzeleka ndi Mikuyu kwa zaka pafupifupi 30. Amene anavutika ndi mkwapulo anausunga atalowa m'nyumba. Choncho aliyense amene akufuna kupatsa mphamvu zopanda malire mtsogoleri amene amamukonda lero adzifunse ngati angakondwere mphamvu zomwezo zili m'manja mwa mtsogoleri amene amamuopa. Walira mvula walira matope. Olemba Malamulo a 1994 anali atangotuluka m'matope amenewo, ndipo ndi chifukwa chake anaika gawo 45 m'mutu wa maufulu a anthu, umene tanthauzo lake silisinthidwa popanda kufunsa mtundu wonse pa riferendamu.

Ndatsutsa kwambiri mbali imodzi, koma sindikugwirizananso ndi amene akuti pasakhale lamulo lililonse. Mantha awo ndi omveka, pakuti mbiri imene ndafotokozayi ndi yawonso. Cholakwika m'maganizo awo ndi kuyesa kuti lamulo likasowa, mphamvu nayonso imasowa. Zoona zake ndi zakuti mlatho ukaduka ndipo pali lole imodzi yokha tsidya lino, loleyo idzatengedwa ndithu, kaya pali lamulo kaya palibe. Kusiyana kwake ndi kwakuti popanda ndondomeko yodziwika, amene amatenga ndi amene ali ndi yunifolomu kapena dzina, amene amatengeredwa ndi amene alibe womuyankhulira, ndipo palibe pepala limene mwini lole angapite nalo kukafunsa za matayala ake. Mwini sitolo wamkulu amaimba foni kwa akuluakulu n'kusiyidwa, pamene mwini ngolo kapena bwato amangouzidwa kuti ndi za boma. Chimodzimodzi masukulu ndi matchalitchi amene amasanduka misasa: ana amakhala milungu osaphunzira, zimbudzi zimadzaza, madesiki amasanduka nkhuni, ndipo anthu akabwerera kwawo komiti ya sukulu imatsala yokha ndi mabwinja. Lamulo lolembedwa bwino ndi chishango cha anthu ang'onoang'ono amenewa, chifukwa limasandutsa chisomo cha bwana kukhala ngongole ya boma.

Nanga lamulo lotere linene chiyani? Linene kuti boma liyambe ndi zake: magalimoto a maunduna, a makampani a boma ndi a asilikali atuluke kaye lisanagwire katundu wa munthu wamba. Likafika pa katundu wa anthu, liyambe ndi amene ali ndi zambiri, ndipo kuno kwathu zimenezi zikutanthauza kuti khonsolo ya boma ikhale ndi mapangano olembedwa ndi makampani a tiyi, amene ali ndi mathirakitala, malole, mafuta osungira ndi makiliniki, onena chimene adzapereke namondwe akafika ndi mtengo umene boma lidzalipire. Ena mwa makampaniwa amathandiza kale mwa kufuna kwawo, ndipo pangano lingangowachotsera chikaiko. Aliyense wotengeredwa chinthu apatsidwe lisiti pomwepo, lokhala ndi dzina la wotenga, ndipo chipukuta misozi chiperekedwe m'nthawi yoikika, monga momwe Malamulo athu amanenera kale kuti katundu wa munthu satengedwa popanda malipiro oyenera. Ntchito ya manja ikafunika mwadzidzidzi, ikhale ya masiku owerengeka, ya m'dera la munthuyo, yolipidwa, yosakhudza ana, okalamba ndi amayi oyembekezera, ndipo wovulala pa ntchitoyo asamalidwe ndi boma. Kulemba anthu usilikali mokakamiza kusachitike pa ngozi yachilengedwe kapena pa chisokonezo cha ndale, koma pokhapokha dziko litaukiridwa, Nyumba ya Malamulo itavomereza ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo mwana wa nduna ndi mwana wa mlonda akhale pa mndandanda umodzi popanda njira yodziombolera ndi ndalama.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna chilembedwe ndi zilembo zazikulu ndi chakuti mphamvu zimenezi zisakhudze chisankho. Mu 2020 m'bindikiro unalengezedwa pamene dziko linali kuyembekezera chisankho chachibwereza cha mtsogoleri, khothi litafafaniza zotsatira za 2019, ndipo kaya boma linali ndi cholinga chabwino chotani, anthu ambiri anaona ngati matendawo akugwiritsidwa ntchito pa ndale. Kukaikira kumeneko kunaononga ngakhale uthenga wabwino wa zaumoyo, moti ena anakana kuvala zotchinga pakamwa poganiza kuti zonse ndi bodza. Boma limene anthu akulikaikira silingawasonkhanitse, ngakhale litakhala ndi mphamvu zochuluka bwanji pa pepala, pamene boma limene lanena poyera tsiku limene mphamvu zake zidzathere limamveredwa ngakhale ndi otsutsa.

Aphungu a Mulanje ndi Thyolo ndiwo oyenera kutsogolera nkhani imeneyi m'Nyumba ya Malamulo, chifukwa anthu awo ndiwo anasenza katundu wa Chiwaya, ndiwo analima thangata, ndiwo analandira othawa nkhondo, ndipo ndiwo anakumba abale awo mu 1991 ndi mu 2023. Pamene akudikira kuti bilu ilembedwe, pali ntchito imene siifuna lamulo latsopano ndipo ingayambe mwezi uno. Makhonsolo awiriwa alembe kaundula wa malole, mathirakitala ndi mabwato amene ali m'maboma awo pamodzi ndi manambala a eni ake, asankhiretu malo okwera amene mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila udzathawire, aikeko chimanga, mankhwala a m'madzi ndi matenti misewu isanaduke, ndipo mafumu awerengere anthu awo ndondomekoyo pa bwalo mvula yoyamba isanagwe.